Bokosi la ndalama timawapatsa, mpando timawamana

Kwa madzulo awiri otsatizana, wailesi ina ya kuno ku Chipata inatsegula mafoni pa funso limodzi: kodi boma likhazikitse lamulo lokakamiza makampani ndi makopaletivi kuti m'mabodi awo muzikhala amayi ochuluka mwakuti? Oimba ambiri anali abambo, ndipo ambiri mwa iwo anakana kwamtuwagalu. Wina anati bizinesi si maliro kuti aliyense apatsidwe mbale yake. Wina anati akazi akufuna kukolola pamene sanalime. Mayi mmodzi yekha amene analowa tsiku loyamba anangoti wayamba kufotokoza, mayunitsi n'kumuthera. Ine ndinkamvera ndili pakhonde, mabuku a kopaletivi ina ya alimi a nshawa ali pamiyendo, pakuti ntchito yanga ndi yowerengera anthu ndalama zawo, ndipo pafupifupi lisiti lililonse limene ndinkatembenuza linali lolembedwa ndi dzanja la mkazi.

Ndineneretu mbali imene ndili. Lamulo lotere ndikulifuna. Kampani iliyonse ya boma, kampani iliyonse imene imagulitsa masheya ake kwa anthu pa msika wa LuSE ku Lusaka, ndi kopaletivi iliyonse imene imalandira feteleza kapena ndalama za boma, ikakamizidwe kuti pa mipando itatu iliyonse ya bodi umodzi ukhale wa mayi, ndipo pakatha zaka zowerengeka tifike theka ndi theka. Chifukwa changa ndi ichi: m'dziko muno tinavomereza kalekale kuti amayi ndi okhulupirika pa ndalama, n'chifukwa chake timawapatsa bokosi kuti asunge, koma ikafika nthawi yogamula kuti ndalamazo zigwire ntchito yanji timawauza kuti akhale chete, ndipo zaka zimene tadikira n'zokwanira kutisonyeza kuti khalidwe limeneli silitha lokha.

Timvane kaye za chimene tikukanganira, chifukwa ena akamva mawu akuti bodi amaganiza za anthu a mataye a ku Lusaka okha. Bodi ndi kagulu ka anthu amene eni kampani amawaika kuti aziyang'anira manijala. Sagulitsa pakauntala, sayeza matumba pasikelo. Mwina amakumana kanayi kokha pachaka, koma m'maola ochepa amenewo ndi mmene amagamula kuti manijala akhale ndani ndipo azilandira zingati, ngongole itengedwe kubanki kapena ayi, phindu ligawidwe kapena ligulire galimoto, depoti ya kumudzi itsekedwe kapena isiyidwe. Kuno kum'mawa, kumene chuma chathu ndi chimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya, bodi ya kopaletivi ndi imene imanena mtengo wa kilo, kuti mlimi alipidwe pompopompo kapena adikire mwezi, komanso kuti ndalama zilembedwe m'dzina la ndani pabanjapo. Amene anapalira nshawazo, kuzifukula, kuzithothola ndi kuzisenda mpaka zala kuchita matuza, tonse tikumudziwa. Pa msonkhano wogamula mtengo wake sapezekapo.

Amayi anga aang'ono akhala msungichuma wa kopaletivi ya kwathu kwa zaka 11. Malisiti amasunga m'chitini cha mabisiketi chokulunga ndi chitenje, ndipo m'zaka zonsezi sindinapezepo ngwee imodzi yosowa. Chaka china bodi inali ndi ndalama zotsala, ndipo panali maganizo awiri: kugula makina osendera nshawa kapena kugulira wapampando njinga yamoto yoyendera misonkhano ya kuboma. Iwo anakweza dzanja n'kuwerengetsera poyera kuti makinawo abweza ndalama zake m'nyengo ziwiri ngati mamembala azilipira pang'ono pa thumba lililonse. Wapampando anamwetulira n'kunena kuti, "Zikomo mayi msungichuma, inu tisungireni ndalamazo bwinobwino, zoganizazi tisiyireni." Anthu anaseka, osati mwankhanza, koma mmene timasekera mwana akalankhula zachikulu. Njinga inagulidwa. Lero yatsamira khoma la nkhokwe yopanda tayala la kutsogolo, ndipo amayi akusendabe ndi manja.

Tsono otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zonse zimene zili zopanda nzeru. Imene imabwera kawirikawiri ndi yakuti mpando uzipita kwa woyenera, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, chifukwa bodi ikalakwitsa kampani imagwa ndipo antchito amabwerera kumudzi. Mfundoyi ndi yoona ndipo ndikuivomereza yonse. Koma imaganiza ngati kuti mipando ya lero inagawidwa poyesa luso, pamene ife amene takhalamo m'mabodi tikudziwa mmene tinalowera. Ine bodi yoyamba ndinailowa chifukwa cha foni ya mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi kusekondale. Anati pali mpando wa munthu wodziwa za ndalama, kodi ndili ndi nthawi? Panalibe chilengezo m'nyuzipepala, panalibe mafunso, ngakhale satifiketi yanga sanaipemphe. M'kalasi mwathu ku koleji munali mtsikana amene ankatiposa tonse pa maakaunti, amene ine ndinkakopera ntchito yake, ndipo nayenso amakhala mumzinda uno. Foni sinapite kwa iye chifukwa mnzanga uja samwa naye, sapemphera naye, ndipo akanamuimbira usiku mkazi wake akanafunsa mafunso. Choncho pamene tikunena za woyenera, tizikumbukira kuti ukonde umene timaponya ndi waung'ono, ndipo umagwira nsomba za padziwe limodzimodzi chaka ndi chaka. Lamulo silikuuza munthu kuti asankhe mbuli. Likumuuza kuti akaponyenso tsidya linalo.

Ndiponso amayi oyenerawo sitichita kuwafuna ndi nyali. Mizinga Melu anatsogolera banki ya Standard Chartered muno m'Zambia, kenako Absa. Mukwandi Chibesakunda anakhala mkulu wa banki ya Zanaco mu 2020. Dolika Banda anasankhidwa kukhala wapampando wa bodi ya ZCCM-IH mu 2021, kampani imene imasunga masheya a dziko m'migodi. Monica Musonda anayambitsa Java Foods ndipo wakhala m'mabodi a makampani akuluakulu angapo. Wina anganene kuti, ehe, ndiye mwaona, ofika amafika popanda lamulo. Ine ndikuona zosiyana. Mayina amenewa timatha kuwatchula pamtima chifukwa ndi ochepa. Yesani kutchula abambo onse amene akhala pa mipando yotere kuchokera 1964, dzuwa likuloweranipo. Sukulu ya St Monica's yokha yatulutsa atsikana angati amene lero ndi maloya, madokotala, akatswiri a zaulimi ndi owerengera ndalama? Ali kuti pamene mabodi a m'chigawo chino akusankhidwa?

Apa ndi pamene otsutsa amabweretsa mfundo ina, yakuti amayiwo sadzipereka okha, ukawaitana amakana, ukawasankha sabwera kumisonkhano. Izi ndazionapo, sindikana. Koma tifunse chifukwa chake. Msonkhano umaitanidwa 17 koloko kuloji, umayamba mochedwa, ndipo nkhani zenizeni zimakambidwa utatha, pamene mabotolo afika patebulo. Mwamuna akabwera kunyumba pakati pa usiku kuchokera kumsonkhano wotere, amati ndi munthu wotanganidwa. Mkazi akatero kawiri, pofika Lamlungu mbiri yafika kale kwa apongozi ake, ndipo dzina la wapampando lalumikizidwa kale ndi lake. Msonkhano wa masiku atatu ku Mfuwe kapena ku Siavonga, umene kwa mwamuna ndi mwayi wa alawansi, kwa mkazi wapabanja ndi mlandu umene uyenera kuyamba wakambidwa kuchipinda. M'makopaletivi muli chopinga china chimene sichioneka: umembala ndi masheya nthawi zambiri zimalembedwa m'dzina la mwamuna ngati mutu wa banja, ndiye mkazi amene amalima mundawo alibe voti, ndipo wopanda voti sangaime pachisankho. Zonsezi n'zotheka kuzisintha mawa lomwe. Msonkhano ungachitike 9 koloko m'mawa m'kalasi ya pasukulu. Banja lingalembetse anthu awiri. Koma bodi ya amuna okhaokha ilibe chimene chingaikakamize kusintha nthawi imene ikuwakomera, pamene bodi imene yauzidwa kuti popanda amayi atatu siivomerezedwa ipeza nthawi yabwino sabata yomweyo.

Pali ena amene amathawira ku mwambo. Amati kwathu mkazi salankhula pabwalo, ndipo amakumbutsa kuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo, mawu amene anzathu a ku Malawi anawamva kwambiri m'nthawi ya Joyce Banda, amene anakhala pulezidenti mu 2012. Ine ndaonapo ndi maso anga ng'ombe zazikazi zili pagoli chaka chimene matenda a nkhupakupa anapha zamphongo, ndipo munda unalimidwa, koma izo tizisiye. Funso langa ndi lakuti, mwambo wake uti? Ife Achewa mtundu timatengera kwa amayi. Ufumu wa Kalonga umadutsa mwa Nyangu, ndipo aliyense wopita ku Kulamba ku Mkaika amadziwa kuti wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo. Posankha mfumu ya mudzi, amayi akuluakulu a mbumba ndi amene amanong'oneza dzina, ndipo amuna amangolengeza. Maufumu a Kawaza ndi Nyanje akhalidwa ndi amayi, ndipo anthu awo sanasamuke. Sindikufuna kukometsera zinthu mopitirira, chifukwa ngakhale pachikamwini mawu omaliza nthawi zambiri amakhala a malume, mwini mbumba, ndipo abale athu Angoni a kwa Mpezeni amatengera kwa bambo. Komabe nzeru yakuti nkhani ya chuma cha anthu ambiri ikambidwe m'chipinda chotseka mopanda mkazi ndi mmodzi yemwe sitinaitenge kwa makolo. Bodi yoyamba imene inagamula za nthaka ya kuno inali ya North Charterland Exploration Company, imene inkakhala ku London pamene mzinda uno unkatchedwa Fort Jameson, ndipo m'menemo munalibe mkazi, munalibenso Mchewa, Mngoni kapena Mnsenga. Agogo athu aamuna atayamba kufuna mipando m'zipinda zoterozo, anauzidwanso kuti sanakonzeke ndipo adikire.

Mfundo imene imandivuta kwenikweni ndi ina, ndipo imachokera kwa amayi ena amene ndimawalemekeza. Iwo amati lamulo lotere limanyozetsa mkazi, chifukwa aliyense amene walowa amaonedwa ngati wolowera chifundo, komanso kuti opindula ndi amayi ochepa a m'tauni amene ali kale pabwino. Umboni wake ulipo. Dziko la Norway linakhazikitsa lamulo mu 2003 lakuti m'mabodi a makampani a pamsika wa masheya mukhale amayi osachepera 40 peresenti, pamene kale sankafika ndi pa 10 peresenti pomwe, ndipo kampani yokana inkaopsezedwa kuti ithetsedwa. Pofika 2008 chiwerengerocho chinakwana. Koma makampani ena anasintha kalembetsedwe kawo kuti lamulo lisawakhudze, ndipo amayi ena ochepa anapezeka ali m'mabodi ambirimbiri nthawi imodzi mpaka anapatsidwa dzina lachipongwe lakuti masiketi agolide. Ofufuza anapezanso kuti mkazi wamba wogwira ntchito pansi m'makampaniwo sanaone kusintha kwakukulu pa malipiro kapena kukwezedwa. Kunoko zingathe kuipa kuposa pamenepo, chifukwa tikudziwana: mpando wa mayi ungathe kupita kwa mkazi wa wapampando, kapena kwa mayi wa chipani amene amavina bwino pabwalo la ndege.

Ndayesa kuilingalira mfundoyi moona mtima, ndipo yankho langa ndi lakuti ikutiuza mmene lamulo liyenera kulembedwera, osati kuti lisalembedwe. Munthu mmodzi, mwamuna kapena mkazi, asakhale m'mabodi opitirira atatu, pakuti mapanga awiri avumbwitsa. Mipando ya m'makampani a boma ilengezedwe poyera kuti wofuna alembe kalata. Mkazi wa membala kapena mlongo wake asawerengedwe pa chiwerengerocho. Ndipo za kunyozeka zija, ndifunse: mwamuna amene analowa chifukwa ndi mlamu wa nduna munamuonapo akusowa tulo poganiza kuti anthu amuona ngati wolowera chifundo? Ine amene ndinalowa pa foni ya mnzanga palibe anandifunsapo. Manyazi amenewa timasungira akazi okha. Chinanso chimene Norway inaonetsa, chimene otsutsa sakonda kutchula, n'chakuti amayi amene analowa lamulo litabwera anali ophunzira ndi odziwa ntchito mokwanira, ndipo makampani a dzikolo sanagwe. Maiko a European Union anatsatira mu 2022 ndi lamulo lofuna 40 peresenti pa mamembala a bodi osakhala mabwana a tsiku ndi tsiku pofika pakati pa 2026. Anali ndi zaka pafupifupi 20 zoonera zolakwa za Norway, ndipo atazionera anasankhabe njira yomweyo.

Chifukwa chimene ndikunenera mpando umodzi pa itatu, osati mpando umodzi basi, n'chimene ndaona chikuchitikira mayi akakhala yekha m'bodi. Iye ndiye amapemphedwa kutsegula ndi pemphero. Mlembi akajomba, maso onse amatembenukira kwa iye kuti alembe maminitsi, ndipo wolemba maminitsi salankhula chifukwa mutu uli papepala. Tiyi akafika, dzanja lake limapita lokha ku fulasiki, chifukwa akapanda kutero chipinda chonse chimangokhala chikuyang'ana makapu. Akanena ganizo, pamakhala kachetechete, ndipo pakapita mphindi khumi bambo wina amalinena lomwelo ndi mawu okulirapo, n'kulembedwa m'dzina la bamboyo. Akafunsa kuti ndalama za mafuta zakwera bwanji chonchi, amati ndi wovuta, kapena wina amaseka n'kunena kuti kunyumba bambo akuona zotani. Zonsezi ndazichitapo kapena kuzisekerera ine ndemwe. Koma ndakhalanso m'bodi imene inali ndi amayi atatu mwa anthu asanu ndi awiri, ndipo zinali zina. Wina akadulidwa mawu, mnzake ankati, "Pepani a wapampando, mayiwa sanamalize." Zinangotengera kamodzi kapena kawiri, abambo tinaphunzira. Komanso atatuwo sankagwirizana pa zonse, ankatsutsana kolimba pa nkhani ya ngongole, ndipo zimenezo zinatithandiza kuleka kufunsa kuti "amayi mukuti bwanji" ngati kuti akazi onse a m'dziko ali ndi mutu umodzi.

Sindidzanena, monga amachitira ena a mbali yanga, kuti mukaika amayi m'bodi phindu limakwera basi. Ofufuza sagwirizana pa nkhaniyi, ndipo ine ndaonapo mayi akudya ndalama za gulu mpaka kugula malata. Mkazi si mngelo. Chimene ndinganene molimba mtima n'chakuti bodi imaona zokhazo zimene anthu ake anazionapo. Kampani yogula thonje kapena soya ikaganiza zolipira alimi kudzera pa foni, bodi ya amuna imaona kuti zachepetsa akuba panjira, ndipo n'zoona. Amene angafunse kuti foniyo ili m'thumba la ndani, ndi kuti ndalamazo zikafika kunyumba kapena zithera pa malo omwera a pamsika, ndi munthu amene anakhalapo mbali inayo. Bodi ya kampani ya madzi ikamakonza maola otsegulira mipopi, ndi bwino m'chipindamo mukhale wina amene anadzukapo 4 koloko ndi chidebe. Banki ikamafuna chikalata cha malo ngati chikole, wina anene kuti amayi a ku Kapata ndi ku Saturday Market, amene amayendetsa chilimba cha masauzande ambiri mwezi ndi mwezi osaphonya, zikalatazo alibe. Izi si nkhani zachifundo. Ndi makasitomala amene kampani ikuwataya chifukwa palibe anawatchula.

Kwa amene amati boma lisalowerere pa chuma cha mwini, ndikugwirizana nawo theka. Ku California lamulo la 2018 lokakamiza makampani kuika amayi m'mabodi linathetsedwa ndi khoti mu 2022, ndipo nkhani ya ufulu wa eni kampani si yoseweretsa. Munthu amene ali ndi sitolo ya zitsulo ku Down Shops, imene anayamba ndi ndalama zake, asankhe yekha amene akufuna, ngakhale atakhala ana ake aamuna okhaokha. Koma makampani amene ali pansi pa IDC, kampani yoyang'anira makampani a boma, ndi a tonsefe. Kampani ya pa LuSE imatenga ndalama za penshoni za anamwino ndi aphunzitsi. Kopaletivi imene imalandira feteleza wa FISP kapena thandizo la CDF, thumba la chitukuko cha madera limene linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ikudya msonkho umene mayi wogulitsa tomato amalipira akagula sopo ndi mayunitsi. Wolandira za anthu onse sanganene kuti za m'nyumba mwake zisafunsidwe.

Ndipotu sitikupempha chinthu chachilendo. Mu 2008 maiko a SADC anagwirizana kuti pofika 2015 theka la maudindo opanga zigamulo, m'boma ndi m'makampani omwe, likhale la amayi. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Gender Equity and Equality Act. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, amanena pa gawo 259 kuti wosankha anthu pa maudindo a boma aonetsetse kuti theka ndi amuna, theka ndi akazi, pokhapokha ngati n'zosatheka. Mawu akuti "pokhapokha ngati n'zosatheka" ndiwo akhala pobisalira aliyense. Takhala ndi Inonge Wina ndi Mutale Nalumango ngati achiwiri kwa pulezidenti, Irene Mambilima ngati mkulu wa oweruza, Nelly Mutti ngati sipikala, koma pa chisankho cha 2021 amayi m'Nyumba ya Malamulo sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu. Amene akuti tidikire, zisintha pang'onopang'ono atsikana akamaphunzira, atiuze kuti tidikire mpaka liti, popeza lonjezo la 2015 lapitirira ndi zaka khumi ndipo palibe amene analipira chindapusa. Lamulo lopanda chilango ndi malangizo chabe, ndipo malangizo tili nawo odzaza makabati.

Pali mbali ina ya nkhaniyi imene sinatchulidwe pa wailesi paja, ndipo imandiwawa kuposa zonse chifukwa imafika pa desiki langa. Mukapita ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani, n'kuwerenga mayina a madailekitala a makampani ang'onoang'ono, mupeza akazi ambiri zedi. Lamulo la makampani la 2017 limafuna madailekitala osachepera awiri, ndiye bambo akafuna kulembetsa kampani yoti apikisane nayo pa ntchito yomanga kalasi ya CDF, amatenga chitupa cha NRC cha mkazi wake m'chikwama, n'kumuuza kuti asaine apa ndi apa. Mayiyo sanaonepo sitetimenti ya kubanki, sadziwa kuti kampani ili ndi ngongole zingati, mwina ngakhale dzina la kampaniyo amalitchula molakwa. Tsiku limene amadziwa kuti ndi dailekitala ndi limene kalata ya msonkho kapena ya banki yafika ndi dzina lake, bambo atapita ku Lusaka osabwerako. Mmodzi anakhala pa mpando wa muofesi mwanga, mwana kumsana, kalata ili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, kodi dailekitala amamangidwa?" Choncho si zoona kuti amuna a kuno safuna akazi m'mabodi. Pamene pali mlandu woti usenzedwe timawalemba msangamsanga. N'chifukwa chake lamulo limene ndikufuna liyenera kuyenda pamodzi ndi maphunziro, m'Chinyanja, a zimene munthu akuvomera akasaina, ndipo mabungwe ngati Institute of Directors of Zambia atuluke mu Lusaka afike ku Lundazi, ku Katete ndi ku Petauke. Mayi wodziwa kuti ali ndi ufulu woona mabuku asanasaine ndi wovuta kumugwiritsa ntchito ngati chidindo.

Pa msonkhano waukulu wa chaka chino, amayi anga aang'ono aja anachita chimene palibe anachiyembekezera. Itafika nthawi ya chisankho, bambo wina anaimirira monga mwa chaka chilichonse n'kunena kuti pa usungichuma palibe chifukwa chovotera, mayi apitirize, ndipo anthu anayamba kuomba m'manja. Iwo ananyamuka pamphasa pamene amayi amakhala, anayenda mpaka kutsogolo kumene kuli mabenchi, anamasula chitenje, n'kuika chitini cha mabisiketi patebulo pamodzi ndi buku la kubanki. Anati zaka 11 zakwana, ndipo ngati dzina lawo likufunika, alilembe pa wachiwiri kwa wapampando. Wachiwiriyo anali atalonjezedwa kale kwa munthu wina, ndiye anavota, ndipo iwo anagonja ndi mavoti 4. Kenako wapampando anafunsa amene angatenge usungichuma. Abambo anayang'ana pansi, wina anati ali ndi maulendo ambiri, wina anati mkazi wake sangalole ndalama za gulu kugona m'nyumba. Amayi a pamphasa, amene anali atapangana kuchitsime, anangokhala duu. Nkhaniyo anaiimika kuti idzakambidwe pa msonkhano wina.

Nditapita kukawaona mwezi watha ndinawapeza akusenda nshawa pa lichero. Ndinafunsa za chitini chija. Anati wapampando anatuma mwana kudzachisiya tsiku lotsatira, akuti chingogona kuno kufikira atapeza munthu. Anandilozera ndi chibwano kuchipinda. "Chili pansi pa bedi, mwanawe. Sindinachitsegule, ndipo malisiti a mwezi uno akulemba okha."